Laibulale ya ku Yunivesite ndi Ife a M'tsinde mwa Phiri

 Nkhani imene ndadza nayo lero ndi ya nyumba imene ambiri a ife timangoimvera mbiri, ngakhale kuti msonkho wathu udathandiza kuimanga, ndipo m'kati mwake muli zolembedwa zambiri zonena za ife eni ake, za phiri lathu la Mulanje, za tiyi wathu ndi za makolo athu. Ndikunena laibulale ya ku yunivesite, ndi m'mene munthu angapindulire nayo, kaya ndi mwana amene wasankhidwa kumene kupita kusukulu yaukachenjede, kaya ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, namwino kapena mlembi wa kwa mfumu amene sadapondepo pabwalo la koleji.

Poyamba tidziwe kumene nyumbazi zili, pakuti alipo ena amene amaziyesa za kutali ngati ku Ulaya. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ili ndi ophunzira osakwana 100, ndipo m'chaka cha 1973 nthambi yake ya Chancellor College idasamukira ku Chirunga ku Zomba, kumene kufikira lero kuli laibulale yaikulu imene yalera akatswiri ambiri a dziko lino. Wochokera pa Chitakale akhoza kuzungulira phiri, nadzera ku Phalombe ndi pa Jali, nafikako tsiku lomwelo. Wotsata msewu wa Midima polowera ku Limbe amasiya pambali njira yopita ku Ndata, pafupi ndi Goliati m'boma la Thyolo, kumene Malawi University of Science and Technology idalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 2014, ndiponso njira ya ku Nguludi, kumene Akatolika adatsegula yunivesite yawo m'chaka cha 2006. Akafika mu Blantyre apeza sukulu ija tidazolowera kuitchula kuti Poly, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, ndi ina ya madokotala ndi anamwino imene tsopano ili pansi pa dzina la Kamuzu University of Health Sciences. Nayo Yunivesite ya Mzuzu, ngakhale likulu lake lili kumpoto, idaika nthambi yake kuno ku Mulanje yothandiza iwo amene akuphunzira ali kwawo, ambiri mwa iwo aphunzitsi amene masana amagwira choko, usiku nagwira buku.

Tsono wina adzafunsa kuti, kodi m'nyumba zimenezo muli chiyani chokhudza mlimi wa nanazi wa ku Thabwa kapena mayi wothyola tiyi ku Lujeri? Pano ndipo ndikufuna kukhalitsa pang'ono, chifukwa ndi maboma owerengeka m'Malawi amene anthu ophunzira adawalemba kwambiri monga adalembera Mulanje. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, pamene Henry Brown adabzala kuno njere za tiyi zochokera ku mitengo ya pa mishoni ya Blantyre, kufikira m'chaka cha 1966 pamene bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation lidakhazikitsidwa, ili limene lili pa Mimosa, anthu akhala akuyeza dothi lathu, mvula yathu, matenda a mitengo ndi mitundu ya mbande, nalemba zonse zimene adapeza. Mkungudza wa m'phiri, umene Alexander Whyte adautengera zitsanzo m'chaka cha 1891, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, uli ndi buku lakelake lolembedwa ndi J. D. Chapman, lofotokoza m'mene umamerera ndi zimene zikuutha. Miyala ya pa Lichenya, imene yautsa mikangano kangapo pa nkhani ya migodi, idadziwika ndi Frank Dixey m'chaka cha 1924, ndipo m'chaka cha 1969 Garson ndi Walshaw adasindikiza kafukufuku wa miyala ya dera lonse lino. Napolo amene adagwetsa mapiri ku Zomba m'chaka cha 1946, amene adakokolola midzi ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991, nthawi imeneyo Phalombe adakali mbali ya boma lathu lino, ndi namondwe Freddy amene adatiliritsa m'chaka cha 2023, onsewa adalembedwa ndi anthu oyeza mvula ndi mapiri. Ndipo munthu wofuna kudziwa chifukwa chake zigwa zina zimabwerezabwereza tsoka lomwelo akhoza kukawerenga, asanamangenso nyumba pa malo akale.

Koma chimene chimandikhudza mtima koposa ndi nkhani ya malo, imene kuno kwathu ili ngati chilonda chosapola. Zikalata zimene Harry Johnston adapereka kwa azungu m'zaka za m'ma 1890 zowatsimikizira malo aakulu, lipoti la Sir Sidney Abrahams la m'chaka cha 1946 lounika za malo omwewo, ndi mbiri ya thangata amene adawerametsa misana ya agogo athu kufikira m'chaka cha 1962, zonsezi adazisanthula akatswiri monga Bridglal Pachai ndi J. A. K. Kandawire, amene adaphunzitsa pa Yunivesite ya Malawi. Liliponso buku la m'chilankhulo chathu chomwe, Mbiri ya Alomwe, limene L. D. Soka adalemba nalisindikiza m'chaka cha 1953, ndi lina la E. W. Chafulumira lotchedwa Mbiri ya Amang'anja; mabuku otere sapezekanso m'sitolo, koma m'zipinda zosungira zolembedwa za Malawi alipo. Inu owerenga Buku Lopatulika mukukumbukira kuti m'buku la Ezara, pamene adani adafuna kuletsa ntchito yomanganso kachisi, mfumu Dariyo idalamula kuti afunefune m'nyumba yosungira mabuku, ndipo mpukutu wa mfumu Koresi utapezeka ku Akimeta, mlandu udatha, ntchito nipitirira. Milandu yambiri ya malire ndi ya ufumu imene imatichedwetsa pabwalo ikadafupika, akadakhalapo mmodzi pakati pathu wodziwa kufunafuna chotero.

Nditembenukire tsopano kwa inu ana athu amene mwalandira uthenga wakuti mwasankhidwa, amene makolo anu agulitsa nandolo, mbuzi ndi nthochi kuti akupezereni ndalama ya ulendo. Ambiri a inu mwachokera kusukulu zoyendera zimene buku limodzi munkagawana anthu asanu kapena khumi, ndipo mukadzalowa koyamba m'nyumba yodzala mabuku kuchokera pansi kufikira kudenga, mantha adzakugwirani, ndipo mtima udzakunong'onezani kuti mubwerere ku manotsi a mphunzitsi ndi mapepala a fotokope amene anzanu akupatsirana. Musaumvere mtima umenewo. Wophunzira amene atha zaka zinayi akuloweza manotsi okha, nalowa m'laibulale pokhapokha mayeso atayandikira kuti akapeze mpando ndi magetsi, ali ngati mwana wogona ndi njala atatsamira nkhokwe ya atate wake. Masabata oyamba, akuluakulu a laibulale amaitana ophunzira atsopano kuti awayendetse m'nyumbamo ndi kuwalangiza kagwiritsidwe kake. Ambiri amajomba, poyesa kuti ndi zotaya nthawi, koma ndikukupemphani kuti inu mukakhale kutsogolo, pakuti ora limenelo lidzakupulumutsirani miyezi.

Chinthu choyamba chimene mudzaphunzire ndi chakuti buku lililonse lili ndi malo ake, ndipo malowo adalembedwa pamsana pa bukulo ndi manambala kapena zilembo. Malaibulale ena amatsata dongosolo la Melvil Dewey, limene lidayamba m'chaka cha 1876, m'mene nzeru zonse adazigawa m'magulu khumi, kotero kuti za ulimi zimayambira pa 630, za matenda ndi mankhwala pa 610, ndipo mbiri ya Malawi ili pa 968.97; ena amatsata dongosolo la Library of Congress ya ku America, m'mene S ndi ulimi, R ndi zachipatala, ndipo DT ndi mbiri ya Africa. Kale munthu ankafufuza m'timadirowa todzala makadi, lero amalemba pa kompyuta dzina la mlembi, mutu wa buku kapena nkhani imene akufuna, ndipo kompyutayo imamuuza nambala ya bukulo ndiponso ngati lilipo kapena wina walibwereka. Mukailemba nambalayo papepala, nimukafika pa shelefu, musangotola buku lanulo ndi kuthawa nalo. Yang'anani kudzanja lamanja ndi lamanzere, chifukwa mabuku a nkhani imodzi amakhala moyandikana, ndipo kawirikawiri limene simunkalidziwa ndilo lidzakuthandizani koposa limene munalidzera.

Si buku lililonse limene limatuluka pakhomo. Alipo ongowerengera momwemo, monga mabuku otanthauzira mawu, mapu ndi malamulo a dziko. Alipo amene aphunzitsi awapatula chifukwa kalasi yonse ikuwafuna, amene amabwerekedwa kwa maora ochepa okha. Ndipo alipo a m'chipinda cha zolembedwa za Malawi, amene amasungidwa mosamala chifukwa ena mwa iwo akatayika sangapezekenso kwina. M'chipinda chimenechi ndimo mumakhalanso zolemba za ophunzira amene adatsiriza madigiri awo. Inu a kumudzi mwawaona achinyamata obwera ndi mapepala a mafunso, nakhala nanu pamphasa, nakufunsani za zokolola zanu, za madzi amene mumamwa, za ana osiya sukulu, za mtengo wa tiyi wa alimi ang'onoang'ono. Mayankho anu aja sadapite ndi mphepo, adasanduka mabuku okutidwa bwino, ndipo ali pa mashelefu amenewo, ambiri osatsegulidwa ndi munthu aliyense wa ku Mulanje chiwaikireni.

Komatu chuma chachikulu cha laibulale ndi munthu amene amakhala pa tebulo la pakhomo ndi anzake a m'kati. Ambiri timawayesa alonda oletsa phokoso ndi osecha zikwama, osadziwa kuti kusunga ndi kufufuza zolembedwa ndi ntchito yophunzirira, imene ku Yunivesite ya Mzuzu anthu amatengera digiri. Woyang'anira laibulale sadawerenge mabuku onse, koma amadziwa njira yopita kwa lililonse, ndipo chimene palibe pa shelefu yake amadziwa kumene angachipemphe, pakuti malaibulale amabwerekana. Mukumbukire nduna ija ya ku Etiopia imene inkawerenga mneneri Yesaya ili pa galeta, munthu wamkulu wosunga chuma cha mfumukazi, amene sadachite manyazi kuvomera kuti akusowa womutsogolera, naitana Filipo kuti akwere akhale naye. Akulu athu adati safunsa adadya phula. Pofunsapo, musangoti ndikufuna buku la zaulimi. Nenani momveka kuti ndikufufuza za matenda a nthochi m'maboma a Mulanje ndi Thyolo, kapena kuti ndikufuna chiwerengero cha anthu a m'dera la mfumu yakutiyakuti pa kalembera wa 2018, ndipo mudzaona m'mene nkhope ya woyang'anirayo idzawalire, popeza funso lolunjika ndilo amaliyembekeza tsiku lonse.

Masiku ano mbali yaikulu ya laibulale sioneka ndi maso. Magazini a akatswiri, m'mene zofufuza zatsopano zimayamba kutulukira zisanalowe m'mabuku, ali pa intaneti, ndipo ambiri ndi olipira ndalama zakunja zimene munthu payekha sangazikwanitse. Poona kuti mutu umodzi susenza denga, malaibulale a m'dziko muno adagwirizana m'chaka cha 2003 napanga bungwe la MALICO, kuti azisonkha pamodzi ndi kugula chilolezo chowerengera magaziniwo. Ndipo palinso makomo ena amene mabungwe a United Nations adatsegulira maiko osauka, monga Hinari wa zaumoyo ndi AGORA wa zaulimi. Wophunzira amene ali pa Limbuli kapena pa Chisitu, nalembetsa maphunziro ake ali kwawo, ali ndi gawo lake m'zimenezi chimodzimodzi ndi mnzake wogona pa koleji, malinga akapempha kwa a laibulale kuti amulangize malowedwe ake. Ndikudziwa kuti mabandulo ndi okwera mtengo, kuti magetsi amathima, kuti netiweki kuseri kwa phiri imavuta. Mavuto amenewa ndi enieni, ndipo amene amatsogolera masukulu athu ayenera kuwaganizira akamaika masiku operekera ntchito. Komabe ndaona ambiri akutha bandulo lonse pofufuza mwachisawawa, natola nkhani zopanda mwini ndi zopanda tsiku, pamene khomo la zolembedwa zoyesedwa ndi akatswiri lili chitsegukire, lolipiridwa kale m'dzina lawo.

Nanga inu amene simuli ophunzira a pa yunivesite? Mwambo wa nyumba zotere pafupifupi kulikonse ndi wakuti mlendo wokhala ndi chifukwa chomveka amaloledwa kuwerengeramo, ngakhale nthawi zambiri saloledwa kutuluka ndi buku. Malamulo ndi ndalama zolipira zimasiyana malo ndi malo, choncho ndi bwino kuyamba mwalemba kalata kapena kuimba foni kwa mkulu wa laibulale, kunena chimene mukufufuza, ndi kunyamula chitupa chanu cha unzika pamodzi ndi kalata yochokera kuntchito, kumpingo kapena kwa mfumu. Mukafika ku Zomba mukumbukirenso kuti mumzinda womwewo muli National Archives, kumene kumasungidwa makalata akale a boma ndiponso mabuku osindikizidwa m'dziko muno, ndipo ku Blantyre, pa nyumba yakale ya Mandala, bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Wofuna kuzolowera kaye ayambe ndi nthambi ya National Library Service imene ali nayo pafupi, pakuti mwambo wake ndi womwewo.

Pali mawu ena owawa amene sindingawasiye. M'malaibulale ambiri muli mabuku ong'ambidwa masamba a pakati, ndipo amene adang'amba ndi wophunzira amene adafuna kuti mutu umenewo ukhale wake yekha. Muli mabuku obisidwa pa shelefu ya nkhani ina kuti anzake asawapeze kufikira mayeso atatha. Muli ena amene adatuluka m'malaya osabwereranso. Wochita zotere amabera mng'ono wake amene adakali ku pulayimale, amene adzafike pa shelefu yomweyo patapita zaka khumi napeza chibowo. Buku lobwereka libwezedwe pa tsiku lake, lisanyowe ndi mvula ya chiperoni, lisalembedwe ndi cholembera m'mbali. Chindapusa chimene amalipiritsa wochedwa si nkhanza, ndi njira yokumbutsa kuti pali wina akudikira. Tisaiwale kuti zolembedwa zimatha. M'chaka cha 1919 moto udapsereza maofesi a boma ku Zomba, nutenga makalata ambiri a zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda, ndipo pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu idapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, ena mwa iwo onena za Malawi amene adasonkhanitsidwa movutikira. Amene adaona ophunzira ataima mozungulira phulusa lija adadziwa tsiku limenelo mtengo wake wa chinthu chimene dzulo lake ankachidutsa osachilabadira.

Powerenga, makamaka mabuku akale onena za ife, muwerenge ndi maso awiri. Ambiri adalembedwa ndi alendo amene adaona bwino miyala, mitengo ndi mvula, koma anthu adawaona mwa theka, nawatchula maina onyoza, nalemba ngati kuti phiri lidayamba kudziwika tsiku limene iwo adalikwera, chikhalirecho makolo athu ankapereka nsembe m'mapanga ake ndi pa Dziwe la Nkhalamba kalekale iwo asanabwere. Buku lotere musalitaye, pakuti muli zoona zimene simungazipeze kwina; koma muliyerekeze ndi lina, muone chaka chimene lidalembedwa ndi amene adalipira ulendo wa mlembiyo, ndipo kenaka mukafunse agogo amene adakali moyo. Pamene bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi m'mwezi wa Julaye 2025, lidatero poyang'ana miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ozungulira phirili, ndiye kuti nzeru zimene zili m'mitu ya nkhalamba zathu, zambiri zosalembedwa kufikira lero. Ndipo mukalemba zanu, mutchule mwaulemu buku kapena munthu amene mwatapako nzeru. Kutenga mawu a mwini ndi kuwayesa anu ndi kuba, ndipo ku yunivesite ndi mlandu wochotsetsa sukulu.

Pempho langa lipite kwa magulu awiri. Inu ana a Mulanje amene mukulemba kafukufuku wanu wotsiriza, sankhani nkhani za kwanu kuno pamene mungathe, ndipo mukamaliza, kuwonjezera pa buku limene mudzasiye ku laibulale ya koleji, bweretsani lina ku ofesi ya bwanamkubwa, kusukulu ya sekondale imene idakulerani, ndi kwa mfumu ya mudzi umene mudafunsamo mafunso, mutalembanso masamba awiri kapena atatu m'Chichewa kapena m'Chilomwe ofotokoza zimene mudapeza, kuti awerengedwe pamsonkhano wa mudzi. Inunso akuluakulu a malaibulale a ku Zomba, ku Ndata, ku Nguludi, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, tikupemphani kuti mulengeze poyera, ngakhale pa wailesi, masiku ndi malamulo olandirira alendo, ndiponso kuti mutikonzere mndandanda wa zonse zimene muli nazo zonena za boma la Mulanje, kuti mphunzitsi wa ku Namphungo kapena mlangizi wa ku Milonde adziwiretu chimene akachipeze asanalipire minibasi.